A Sikisitini, Nduna Imene Tinaichotsa Pampando ku Tyrrelstown

Uthenga wa imfa ya a Sikisitini unandipeza ndili m'basi, ndikupita ku shifiti ya m'mawa. Anandiimbira ndi Sister Tembo, namwino wamkulu wa panyumba yosamalira okalamba imene ndimagwirako ntchito ku Swords, kufupi ndi mzinda wa Dublin, mayi wa ku Chipata amene sadziwa kuzungulira ndi mawu.

"Amake Tadala, a Onarebo atisiya."

"Liti?"

"Manje manje apa. Amwa khofi wawo, akuti ndi madzi otsukira mbale, atembenukira kukhoma, basi."

Ndinatsika basi misozi ili m'maso, koma ndisanafike pageti ndinapezeka ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu. Munthuyo anachoka padziko akutsutsa, monga momwe anakhalira moyo wake wonse.

Dzina lawo lenileni linali Sixten, dzina lakwawo ku Sweden. Tsiku limene anabwera pahomu yathu ya okalambayo ndinauzidwa kuti ndikapereke phala kwa Sixten, ine n'kumva ngati akunena nambala ya chipinda. Ndinakagogoda pachipinda nambala sikisitini, m'mene munkakhala gogo wina wa Chiairishi amene anali atadya kale. Gogoyo analandira phala lachiwirilo osafunsa kanthu, n'kulimaliza lonse. Eni phala ndinakawapeza kumapeto kwa kolido, atakhala pabedi mowongoka ngati mtengo wa bulugamu, atavala juzi yazigamba m'zigongono, maso ali pawotchi. Sanakalipe. Anangondifunsa ngati pamalopo pali komiti yoona za phala.

Mkangano wathu woyamba unali wa dzina. Iwo ankafuna kuti ndiziwatchula Sixten basi, dzina lopanda chovala. Ankati kwawo ngakhale nduna yaikulu mwana wasukulu amaitchula dzina, ndipo dziko silinagwe. Ine ndinawauza kuti lilime langa silingalole: munthu wa imvi mbuu, wamkulu kuposa bambo anga, ndimutchule ngati mnzanga wosewera naye fulaye? Tinakokanakokana mpaka tinagwirizana pa "a Sikisitini." Poyamba ankaganiza kuti "a" ameneyo ndi chibwibwi changa. Nditawafotokozera kuti ndi ulemu, anamukonda kwambiri moti anayamba kumuika paliponse. Sister anakhala a Tembo, mphaka wa pahomu anakhala a Pusi, ndipo kangolo kogwirira poyenda kanakhala a Benzi.

Zoti anali nduna ya boma anatiuza sabata yoyamba yomweyo, koma palibe anazitenga. Pantchito yathuyi timamva zambiri. Tinali kale ndi bambo wina amene ankati ndi bishopu, ndi wina amene m'mawa uliwonse ankafunsa ngati ndege yake yathiridwa mafuta. Choncho a Sikisitini akati anakhalapo nduna, ife tinkangoti, "Inde, a Nduna, kwezani mkono tikuvekeni juzi." Anatitsegula maso ndi mwana wawo wamkazi, Karin, amene amakhala ku Swords konkuno. Tsiku lina anatisonyeza pafoni chithunzi chakalekale: mwamuna wamtali, magalasi aakulu ngati mawindo a basi, ataima m'Nyumba ya Malamulo chala chili m'mwamba. Chala chimenecho tinachizindikira tonse.

Sister Tembo anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana masokosi osokasoka amene a Sikisitini anavala, n'kupukusa mutu.

"Manje Onarebo wabwanji alibe mimba? Famu ili kuti? Manyumba a lendi ali kuti?"

Karin atamasuliridwa anaseka, n'kunena kuti chimene bambo ake anatuluka nacho m'boma ndi msana wopweteka ndi njinga yakapalasa.

Mbiri yawo ndinaimva zidutswazidutswa, powameta ndevu kapena powamanga zingwe za nsapato. Anabadwira kumpoto kwenikweni, m'katauni ka fakitale ya mapepala, kumene dzuwa limati likapita m'nyengo yozizira anthu amaiwala nkhope yake. Bambo awo ankagwetsa mitengo. Iwo analowa fakitale ali mnyamata, ndipo ankavomera poyera kuti anayamba kupita kumisonkhano ya bungwe la ogwira ntchito chifukwa m'holomo munkafunda komanso munkaperekedwa khofi. Atakhalitsa m'menemo anaona kuti amatha chinthu chimodzi kuposa anzawo onse: kukhala pampando osatopa. Ankati ndale si pakamwa ayi, ndale ndi matako. Amene angapirire pampando mpaka ena onse atafuna kupita kwawo, mfundo yake ndiyo imadutsa. Ndi luso limeneli anakhala khansala, kenako phungu, kenako nduna yoona za njanji ndi misewu. Ankatinso mdani wako uzimuthirira khofi iye poyamba, chifukwa munthu sangakutukwane bwinobwino kapu yako ili m'manja mwake.

Ku Malawi anafikako kamodzi, ali m'gulu la akuluakulu odzaona ntchito za chithandizo. Pamudzi wina anawapatsa mbuzi. Vuto linali lakuti malamulo akwawo salola nduna kusunga mphatso. Chilichonse chimene yapatsidwa ndi cha boma. Ndiye anthu ophunzira anaima padzuwa kukambirana za mmene mbuzi ingalowere m'katundu wa dziko la Sweden, mbuziyo ili phee kudya tayi ya mmodzi wa iwo. Mapeto ake anaisiya m'manja mwa dalaivala wawo kuti aziisunga m'malo mwa boma. A Sikisitini ankandiuza nkhope ili gwa kuti zidzukulu zonse za mbuzi imeneyo ndi chuma cha Sweden, ndipo ndikadzapita kumudzi ndikazipatse moni. Chichewa chimene anabwera nacho kuchokera paulendowo chinali mawu awiri, zikomo ndi mbuzi, ndipo nthawi zina ankawasinthanitsa.

Mmene unduna unathera ankafotokoza kawirikawiri, ndipo sankadzikometsera. Nduna zinzawo zinagwirizana zotseka njanji yopita kwawo kuja, pamene iwo anali atalonjeza anthu pabwalo kuti sitima siidzasiya kubwera iwo ali m'boma. Anapita kwa nduna yaikulu kukatula pansi udindo, atakonzeratu zonse m'mutu: akandinyengerera koyamba ndikana, kachiwiri ndikana, kachitatu ndivomera kubwerera koma njanji isatsekedwe. Nduna yaikulu inamvetsera, inaimirira, inawagwira chanza, inawathokoza chifukwa cha ntchito yabwino, n'kuwapempha kuti makiyi asiye kwa mlembi potuluka. Pofika nthawi ya khofi wamasana wailesi inali italengeza kale wolowa m'malo mwawo. Njanji inatsekedwa. Pachisankho chotsatira anthu akwawo sanawavotere, ati munthu wanji wothawa pampando pamene akanatimenyera nkhondo. Patapita zaka anakwatira mayi wa Chiairishi, mayi ake a Karin, n'kudzakhala ku Dublin, kumene palibe ankawadziwa. Mayiwo atamwalira, iwo n'kugwa pamasitepe, ndi pamene anabwera kwa ife.

"Kusiya unduna wekha, osagwidwa na chilichonse?" Sister Tembo sankaimvetsa nkhaniyi. "A Onarebo, kwathu akanakutengerani kumapemphero."

Awiriwa ankakangana tsiku lililonse limene Mulungu analenga, makamaka pa khofi. Dokotala anali atanena kuti mtima wawo sukufunanso khofi wowawa uja, ndipo Sister anaima pamenepo ngati chipilala. A Sikisitini sanachite phokoso. Anayenda chipinda ndi chipinda ndi a Benzi awo, n'kukhazikitsa komiti ya okalamba, yoyamba m'mbiri ya homu yathu. Anaitanitsa msonkhano, anayankhula mogwira mtima za ufulu wa munthu wamkulu pa kapu yake, n'kuitanitsa voti. Anaiwala chinthu chimodzi: Aairishi ndi anthu a tiyi. Anagonja moipa, ngakhale bishopu uja anawatembenukira. Anapita kukamugwira chanza Sister pamaso pa onse, n'kunena kuti anthu ayankhula. Mawa lake Karin anabwera ndi fulasiki m'chikwama. Sister ankadziwa, ndipo iwo ankadziwa kuti Sister akudziwa. Ankati pa otsutsa onse amene anakumana nawo, a Tembo okha ndi amene akanatha kuyendetsa unduna wa chitetezo.

Koma chimene a Sikisitini amakumbukiridwa nacho pakati pa Amalawi a ku Dublin chinachitikira kunja kwa homu, ndipo ndine ndinachiyambitsa ndi nthabwala.

Tili ndi kabungwe kathu kothandizana, makamaka pamaliro ndi polandira obwera kumene. Chaka chimenecho chisankho cha wapampando chinasokonekera, ndipo tinapezeka tili ndi apampando awiri. A Gondwe, oyendetsa basi, ankakhala ku Tallaght, ndipo a kum'mwera kwa mtsinje wodutsa pakati pa mzindawu ambiri anali nawo. A Kachingwe, ogwira ntchito ku eyapoti, ankakhala ku Tyrrelstown, ndipo akumpoto anali awo. Atambala awiri m'khola limodzi. Poyamba tinkaziseka, mpaka pamene bambo Mbewe anamwalira. Gulu lililonse linakonza siwa yakeyake, ina ku Tallaght, ina ku Tyrrelstown, ndipo lililonse linkati yeniyeni ndi yathu. Mayi Mbewe, mkazi woferedwa, anakhala akukwezedwa galimoto uku ndi uku pamsewu waukulu wa M50 kuti akaonekere konsekonse, ngati katundu. Maliro atatha amayi tinati zakwana. Pafunika munthu wopanda mbali adzatiweruze.

Munthu wopanda mbali ku Dublin ndi wosowa. Abusa anali ndi mbali, chifukwa a Gondwe ndi mkulu wa mpingo. Sister Tembo anakana, ati nkhani za Amalawi zimamupweteketsa mutu. Ndiye ine, tili m'khitchini mwa mayi Mbewe, ndinangoti, "Kapena ndikubweretsereni nduna yanga ya ku Sweden." Ndinkaseka. Pofika Loweruka nkhani inali itazungulira mafoni onse, ndipo inkakula poyenda. Ku Tallaght ankati kukubwera nduna yaikulu yopuma. Ku Tyrrelstown ankati ndi munthu amene anathetsapo nkhondo m'mayiko angapo.

Ndinapita kwa a Sikisitini mwamanyazi kukawafotokozera, ndikuganiza kuti akana. Anandifunsa funso limodzi lokha: kodi m'holomo mipando ndi yolimba kapena yofewa? Nditati ndi yapulasitiki, anamwetulira. Anati yolimba ndiye yabwino, anthu amagwirizana msanga.

Msonkhano unali wa thu koloko muholo ina ku Tyrrelstown. A Kachingwe ankafuna kutumiza galimoto yaikulu yakuda, koma a Sikisitini anakana. Tinapita pa kagalimoto ka Karin, kodzaza ubweya wa galu, ine nditakhala kumbuyo ndi a Benzi pamiyendo. Tinafika nthawi isanakwane. Pakhomo pa holo panali a Kachingwe okha, atavala suti ya mabatani agolide, akulondera malo oimikapo galimoto amene anatchinga ndi mpando. Karin atakhotera pamenepo, a Kachingwe anathamanga akukupiza manja.

"Ayi, ayi, mayi, chotsani kagalimotoka. Pano ndi pa a Nduna."

Ndinatsitsa galasi. "Bambo Kachingwe, a Nduna ndi awa."

A Kachingwe anasuzumira, n'kuona nkhalamba ya juzi yazigamba itafukata fulasiki. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso msewu, ngati mwina nduna yeniyeni ikubwera m'mbuyo. Kenako anachotsa mpando uja mwakachetechete.

Anthu anayamba kufika cha m'ma fili. Kwaya imene inakonzekera nyimbo yolandirira mlendo inapeza mlendoyo atakhala kale m'kati, atathandizanso kuyala mipando. Amayi a kwaya anadandaula kuti anaphunzira nyimboyo sabata yathunthu. Ndinawamasulira a Sikisitini, ndipo iwo anaimirira, anatuluka panja ndi a Benzi, n'kulowanso pang'onopang'ono akuimbiridwa, akugwedeza mutu uku ndi uku ngati mmene ankachitira kale.

Tebulo lapamwamba lokhala ndi maluwa analikana. Anati mipando izungulire, aliyense aone nkhope ya mnzake. Anathirira khofi a Gondwe, anathirira a Kachingwe, n'kulengeza malamulo awiri: aliyense ayankhula mpaka mawu amuthere, ndipo palibe atuluke mpaka tonse titagwirizana chimodzi. A Gondwe anayambira pa tsiku limene anatsika ndege ku Dublin. A Kachingwe anayambira kwa agogo awo. Aliyense akamaliza, a Sikisitini ankamuthokoza n'kumufunsa modekha kuti, tsono mukupempha kuti tichite chiyani? Funso limeneli palibe anali atalikonzekera. Ankayambiranso. Mpunga ndi nkhuku zinazizira m'mapoto. Ana anayamba kulira m'Chingerezi kuti akufuna kupita kunyumba. Mipando yapulasitiki inayamba kugwira ntchito yake. Ndipo pagalasi la chitseko panayamba kuoneka nkhope za banja lina la ku Nigeria limene linabwereka holoyo madzulo, litanyamula mabaluni ndi keke. A Sikisitini okha ndi amene anali phee, ngati angofika kumene.

Amene anaimirira pamapeto ndi mayi Mbewe, atavalabe zakuda.

"Ine ndatopa," anatero. "Munandiyendetsa pamsewu mwamuna wanga ali m'mochale. Inu a Gondwe simungagonjere a Kachingwe, inu a Kachingwe simungagonjere a Gondwe. Ndiye mpandowo apatseni agogowa. Sali a ku Tallaght, sali a ku Tyrrelstown, sali a ku Rumphi, sali a ku Ntcheu. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa."

Anthu anaseka. Kenako dzanja lina linakwera, lina n'kutsatira, ndipo poti aliyense ankaganiza za nkhuku ija, manja anadzaza holo. A Gondwe anakweza kuti a Kachingwe asapate. A Kachingwe anakweza pa chifukwa chomwecho. Ndinawanong'oneza a Sikisitini zimene zachitika, ndili ndi chikhulupiriro kuti munthu wanzeru ngati iwo athokoza n'kukana. Nkhope yawo inawala ngati ya mwana.

"Ndasankhidwa?"

"Eya, koma mukhoza kukana."

"Popanda wotsutsa?"

Anagwira a Benzi, anaimirira, anakweza chala chija, n'kunena mawu amodzi mwa awiri a Chichewa amene ankawadziwa. Mwamwayi anatchula oyenera.

Ulamuliro wa a Sikisitini unayamba m'nyengo yozizira n'kutha masiku atatalika, ndipo amene anaupirira amaukambabe ngati mmene akuluakulu amakambira chaka cha njala. Msonkhano wa thu koloko unkayamba thu koloko, ngakhale m'holo mutakhala iwo, ine womasulira, ndi mayi Mbewe basi. Obwera mochedwa ankapeza mfundo zitadutsa. Anabwera ndi kawotchi kamchenga kophikira mazira, ndipo mchenga ukatha ankadula munthu pakati pa mwambi. Pemphero lotsegulira nalonso ankalitchera kawotchi. Maudindo a ulemu anawathetsa: panalibenso a Tcheya, a Vaisi, a Patironi. Choipitsitsa, "a" uja amene ankamupatsa mphaka, pamsonkhano ankamusiya pakhomo, ati pamenepa tonse ndife ofanana. A Gondwe, bambo a ana akuluakulu, anaitanidwa kuti Wyson pamaso pa akazi awo. A Kachingwe anakhala Lackson. Ine pomasulira ndinkabwezeretsa "a" mwakachetechete, koma onse anali atamva kale.

Chilichonse chinkafuna komiti. Titati tikonze phwando lathu la mu Julaye, anasankha komiti yofufuza ngati phwando likufunika, ndipo komitiyo inapatsidwa nthawi mpaka Ogasiti. Ananenanso kuti kwawo nduna imatsuka yokha kapu yake, choncho panakhala komiti yotsuka makapu, ndipo anaikamo anthu awiri: Wyson ndi Lackson.

Kusinki kuja ndi kumene boma lawo linagwera. Masabata oyamba awiriwo ankatsuka atafulatirana, wina kutsuka, wina kupukuta, osayankhulana. Kenako amayi tinayamba kumva manong'onong'o m'khitchini. Tsiku lina ndikukatenga shuga ndinamva a Gondwe akuti, "Achimwene, ine zaka zanga zonsezi kundidula ndi wotchi ya mazira?" A Kachingwe n'kuyankha kuti, "Ndiye inu bola. Ine anandidula ndisanamalize kupereka moni." Posakhalitsa a Gondwe anayamba kudzera ku Tyrrelstown kukawatenga a Kachingwe pagalimoto, kuti azikonza bwino chiwembu m'njira.

Tsiku loukira litafika, a Gondwe anaimirira n'kunena kuti anthu ataya chikhulupiriro mwa wapampando. A Sikisitini anamvetsera mwachidwi, n'kuwauza kuti pempholo labwera molakwika: liyenera kuperekedwa msonkhano usanayambe, ndipo pafunika wina woliikira kumbuyo. Anakhala nawo pansi awiriwo n'kuwaphunzitsa mmene wapampando amachotsedwera mwadongosolo, kenako anaimika nkhaniyo mpaka mwezi wotsatira. Mwezi wotsatirawo holo inadzaza thu koloko isanakwane, koyamba chiyambire bungwe lathu. A Gondwe anapereka pempho, a Kachingwe analiikira kumbuyo, ndipo onse awiri anamaliza mchenga usanathe. A Sikisitini anaitanitsa voti, anayang'ana manja onse limodzilimodzi, anafunsa ngati alipo wotsutsa, anadikira pang'ono, n'kulengeza okha kuti wapampando wachotsedwa. Pomwepo anthu anagwirizana kuti a Gondwe atenge mpando chaka chimenecho, a Kachingwe chaka chotsatira, azisinthana choncho. Mpaka lero zikuyenda motero, ndipo chichokereni nthawi imeneyo maliro athu amakhala ndi siwa imodzi.

Anthu ambiri amati a Sikisitini anachita dala, ankadziwa kuti adani awiri amagwirizana akapeza wachitatu. Sister Tembo amalumbira kuti ndi mmene zinalili. Mwina. Ine ndinali nawo m'galimoto pobwerera tsiku limenelo. Tinayenda mpaka kudutsa eyapoti. Kenako anavula magalasi, n'kumawapukuta ndi juzi nthawi yaitali.

"Ndimaganiza kuti mwina mmodzi," anatero. "Dzanja limodzi lokha."

Karin anati, "Bambo, munawathandiza nokha kukonza pempholo."

"Eya. Linali pempho labwino."

Lamulungu lotsatira, ndili pa shifiti, ndinaitanidwa kuti kwabwera alendo. Pakhomo panali a Gondwe ndi a Kachingwe, akazi awo, ndi mayi Mbewe atanyamula beseni la mandasi. Analowa m'chipinda cha a Sikisitini, amuna n'kukhala m'mphepete mwa bedi, amayi pansi pakapeti, zimene zinadabwitsa anamwino a Chiairishi. A Kachingwe ndiwo anayankhula, manja ali pamodzi.

"Agogo, tabwera kuti musagone ndi chakukhosi. Sitinakuchotseni chifukwa chodana nanu. Kungoti ulamuliro wanu ndi wa anthu a mitima yolimba. Ife sitinafikepo."

A Gondwe anawonjeza kuti kwathu munthu wamkulu akachoka pampando satayidwa, ndipo bungwe lagwirizana kuti iwo akhale nkhoswe yake mpaka kalekale, bola kawotchi kaja katsale ku Swords.

Ndinamasulira zonse. A Sikisitini anayang'ana anthu odzaza chipinda chawo. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti pamene anachoka m'boma la Sweden, atatumikira zaka zonse zija, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kunyumba kwawo. Anatulutsa fulasiki pamalo pamene ankaibisa, n'kuthirira a Gondwe ndi a Kachingwe. Sister Tembo anadutsa pakhomo, anaona, n'kuyang'ana kudenga ngati akufufuza pamene pakudontha.

Kuyambira pamenepo Lamulungu loyamba la mwezi chipinda chimenecho chinkadzaza. Milandu ya mabanja, ya ana osamvera, ya amene sanaitanidwe ku ukwati, yonse inkabwera kwa agogo. Malangizo awo anali amodzimodzi nthawi zonse, akuti khalani pansi mpaka mutagwirizana, koma anthu ankachoka okhutira, mwina chifukwa ankawalola kuyankhula mpaka mawu kuwathera. Miyendo itayamba kukana, a Gondwe ndiwo ankawanyamula kuwaika pampando. Ankawatchulabe Wyson, ndipo a Gondwe anasiya kudandaula.

Mwambo wa maliro Karin anaukonza mwa chikwawo: kachipinda kopempherera kakang'ono, maluwa oyera, theka la ola. Ankayembekeza anthu ochepa, iye, ife a pahomu, ndi bambo wina wa ku ofesi ya kazembe amene anabwera ndi nkhata. Anapeza khonde ladzaza zitenje. Kwaya inaimba mpaka ogwira ntchito pamalopo anasiya kuyang'ana mawotchi awo. Bambo wa kwa kazembe uja anandifunsa monong'ona kuti anthu onsewa ndi ndani kwa malemu, ndipo a Kachingwe, amene anamva, anamuyankha okha kuti, "Ndife amene tinawachotsa pampando." Zowotcha mtembo zinatipweteka, sitinazolowere, koma Karin anati ndi zimene bambo ake anafuna. Phulusa analitengera kumpoto kuja, ku katauni ka fakitale. Akuti mbali yomaliza ya ulendowo anayenda pa basi.

Chipinda cha kumapeto kwa kolido sichinalowe munthu mpaka pano. Akudikira opaka penti. Bedi alivula, makatani awachotsa, ndipo pakapeti patsala tinjira tiwiri tosiyidwa ndi matayala a Benzi kuchokera pabedi kufika pazenera. Zenera limenelo a Sikisitini ankalisiya chotsegula usana ndi usiku, ngakhale kunja kukugwa matalala, ati munthu wakumpoto sagona m'uvuni. Sister Tembo ankalitseka akamadutsa, iwo n'kulitsegula akangotuluka, zaka zonse zimene anakhala nafe. Tsopano ndi lotseka, ndipo chipindacho chikufunda kuposa zipinda zonse za pahomu.

Dzulo masana ndikudutsa ndi matawulo ndinapeza chitseko chili pululu. Sister anali ataima pakati pa chipinda chopanda kanthucho, manja m'chiuno, ngati munthu amene wabwera ndi mawu koma wapeza womuuza atachoka. Atandiona anakhosomola.

"Muno mwatentha maningi," anatero. "Munthu angadwale."

Anapita pazenera, n'kulitsegula.